Kasankhidwe ndi kaoneredwe ka mafilimu a zipolopolo, musamangotengeka ndi posita amwene

Loweruka lapitali mphwanga anatulukira kunyumba ndi fulashi yodzadza mafilimu 14, akuti achimwene apa ndiye tagwira, onsewa ndi a zipolopolo okhaokha. Tinayesa atatu. Awiri tinawasiya pakati, inayo ine ndinadzidzimuka maina akukwera kale pa sikirini, malovu ali pa pilo. Nditamufunsa kuti kodi iwe umasankha bwanji, akuti ndimayang'ana chithunzi, pakakhala munthu wanyamula chimfuti kumbuyo kukuyaka moto ndiye kuti ndi yobeba imeneyo. Eee koma abale. Chikomekome cha mkuyutu chimenecho, mkati muli nyerere.

Ine mafilimuwa ndinayamba kuonera ndili mwana ku vidiyo sho, zija zokhala pa benchi ya thabwa pakhomo atatchinga ndi chiguduli, panja atalemba ndi choko pa bolodi kuti 2 koloko Rambo, 4 koloko Commando, usiku Chuck Norris. Nthawi imeneyo zinali zophweka, filimu yabwino inali yomwe ekita wapha anthu ambiri basi, tikatuluka tikukangana kuti anapha angati. Pano mafilimu achuluka ngati mchenga, bandulo ndi yodula, magetsi nawo sudziwa kuti akhalapo mpaka nthawi yanji, nde sungamangotaya maola awiri pa chinthu chopanda mutu. Ndikuuzani mmene ine ndimachitira kuyambira posankha mpaka pokhala pansi kuonera, mutolapo zomwe zakukomerani.

Choyamba dziwani kuti mafilimu timangowatchula kuti a akishoni aja sali mtundu umodzi. Ya nkhondo, ya akazitape ndi yobwezera zonse muli mfuti inde, koma iliyonse imakugwira ndi funso lake. Ya nkhondo umakhala ukudzifunsa kuti pa gulu ili atuluke wamoyo ndani. Ya akazitape funso ndi loti akunama ndani. Yobwezera umadziwa kale kuti ekita akampeza mdani wakeyo, chomwe ukudikira ndi choti akakampeza amutani nanga iyeyo atsala ali munthu wotani. Ndiye sankhani molingana ndi mmene mutu wanu ulili tsiku limenelo. Mwaweruka mwatopa, minibasi yakukhalitsani pa siteji ola lathunthu, ikani yobwezera, siifuna kuganiza kwambiri. Ya akazitape isungeni Lamulungu masana mutapuma bwino. Ya nkhondo idikireni tsiku lomwe muli ndi sipika yabwino kapena mahedifoni, chifukwa theka la filimu yotere ndi phokoso lake.

Musanadawunilode kapena kupita kokabenetsa

Dzina la ekita lokha lisakunamizeni. Pali mafilimu ambirimbiri omwe pa posita amaika nkhope ya munthu wotchuka yaikulu ngati chitseko, koma mkatimo amangooneka mphindi 10 atakhala pa ofesi akuyankhula pa foni, zina zonse akusewera anthu osadziwika. Yang'anani dzina la dayirekita, mulisake pa Google muone kuti anapangapo chani. Mwachitsanzo amene anapanga John Wick, Chad Stahelski, anali munthu wa ma stunt, ndi amene ankalowa mmalo mwa Keanu Reeves pa malo oopsa mu The Matrix, nde munthu wotere akamajambula ndewu amadziwa kuti kamera iime pati. Ukaona dayirekita woti chaka chimodzi watulutsa mafilimu anayi onse a mfuti, thawa.

Kenako tsegulani IMDb, tsamba la pa intaneti lomwe anthu amapatsa mafilimu malikisi pa 10, muone malikisi. Lamulo langa, ndipo ndi langa ndekha, ndi loti yochepera 5.5 sindiitenga, koma sindifunanso kuti ifike 8, mafilimu ambiri a ndewu okoma amakhala pakati pa 6 ndi 7.5 chifukwa anthu opereka malikisi aja ena amanyoza chilichonse chomwe muli zibakera. Pa tsamba lomwelo onani kutalika kwake, ndipo chofunika kwambiri onani ngati ili gawo lachiwiri kapena lachitatu la nkhani ina, anthu ambiri amati filimu ndi yobowa pomwe angoyambira pakati. Tirela ioneleni miniti imodzi yokha muzimitse. Matirela a masiku ano amaulula zonse, mpaka amene afe, ndipo mukaona kuti mu miniti imodziyo angoonetsa kuphulika kokhakokha osakuuzani kuti munthuyu akufuna chani, dziwani kuti mufilimumonso mulibe.

Mukaipeza ipatseni mphindi 15. Zikatha imitsani mudzifunse kuti kodi ekitayu akufuna chani ndipo akalephera ataya chani. Ngati mungathe kumuyankha mnzanu ndi mawu ochepa, monga akufuna kupulumutsa mwana wake asanamugulitse, kapena akufuna adziwe kuti iyeyo ndi ndani asanamuphe, pitirizani. Ngati pofika apo anthu 30 afa kale koma simukudziwa kuti akufera chani ndipo simukumva chisoni ndi aliyense, zimitsani, siisintha imeneyo, ndayesapo kambirimbiri kudikira kuti mwina kutsogoloku ikoma.

Zobwezera

Apa cholakwika chachikulu chomwe anthu amachita ndi kufowada koyambirira kuti akafike msanga pa ndewu. Musatero chonde. Filimu yobwezera ili ngati ngongole, koyambako ndi komwe ngongoleyo imatengedwa, ndewu zonse zakutsogolo ndi kubweza chabe, nde ngati simunaone mmene anamulakwira mungoona munthu wamisala akuwombera anzake. John Wick ya 2014 imayamba phee, mkazi wake wamwalira ndi matenda, kenako kukubwera kagalu komwe mkaziyo anakonzeratu kuti kadzamutonthoze, ndiye mwana wa bwana wa zigawenga za ku Russia akubwera usiku kudzaba galimoto ndikupha kagaluko. Munthu amene walumpha pamenepo amaseka kuti anthu onsewa akufera galu, koma amene waona amadziwa kuti sikagalu chabe. Man on Fire ya 2004 ija ya Denzel Washington ku Mexico City ndiye imachita kutenga pafupifupi ola lathunthu ikungoonetsa mlonda chidakwa akuzolowerana ndi kamtsikana komwe akukalondera, kusambira, homuweki, zinthu zazing'onozing'ono, ndipo ndi ola limenelo lomwe limapangitsa kuti theka lachiwiri la filimuyo likupweteke mumtima.

Chizindikiro china chomwe ndimachikonda, onani mmene adani akuchitira akamva dzina la ekita. Filimu yabwino siichita kukuuza kuti munthuyu ndi woopsa, imakuonetsa bosi wa adani, munthu woti aliyense amamuopa, atangoti zii pa foni atamva kuti mwana wake walakwira ndani. Pamenepo ndiye umakhala bwino pa mpando. Onaninso ngati pali wotchi, nthawi yoti ikatha zonse zaonongeka. Mu Taken ya 2008 Liam Neeson amauzidwa kuti ali ndi maola 96 kuti apeze mwana wake ku Paris apo bii sadzamuonanso, basi nambala imeneyo ndi imene imakuthamangitsa mtima filimu yonse.

Paja ambiri timati Rambo ndi wopha anthu mazanamazana, koma kabwerezeni First Blood ya 1982 muone. Ndi nkhani ya msilikali wobwera ku Vietnam yemwe apolisi a m'katauni kena akumuzunza popanda chifukwa, ndipo munthu amene amaoneka akufa mufilimu yonseyo ndi mmodzi, wapolisi wogwa mu helikopita uja. Kupha kwa chisawawa kunayamba ndi gawo lachiwiri la 1985. Kwa ine yoyambayo ndi imene ili filimu, zinazo ndi zokumbukira ubwana.

Mukatopa ndi za ku America yesani za ku South Korea, anthu amenewa nkhani ya kulipsira amaidziwa moopsa ndipo sakunyengerera kuti kumapeto usangalale. Oldboy ya 2003, munthu amutsekera m'chipinda zaka 15 osamuuza chifukwa, kenako angomutulutsa. Koma imeneyo oneranitu nokha, si ya pabalaza pali apongozi.

Za nkhondo

Izi zimafuna kukonzekera pang'ono, mphindi 5 zokha pa foni kuwerenga kuti ndi nkhondo iti, akumenyana ndani ndi ndani. Mukaona asilikali ali m'ngalande zamatope, waya waminga, mfuti zazitali zokoka kamodzi kamodzi, imeneyo ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse, 1914 mpaka 1918. Akasinja ambiri, ndege, Hitler, Japan, ndi yachiwiri, 1939 mpaka 1945. Nkhalango, minda ya mpunga ndi mahelikopita ndi Vietnam, komwe America inachotsa asilikali ake mu 1973 ndipo Saigon, likulu la South Vietnam, inagwa mu 1975. Chipululu, fumbi ndi mabomba okwirira mumsewu ndi Iraq kuyambira 2003 kapena Afghanistan 2001 mpaka 2021. Mukangodziwa zimenezi theka la chisokonezo latha.

Vuto lina ndi loti asilikali akavala zipewa zachitsulo nkudzola matope onse amafanana. Ine ndimasankha nkhope zitatu zokha koyambirira, wamkulu wa gulu, sajeni wake, ndi kamnyamata katsopano kamantha kaja komwe sikasowa mufilimu iliyonse ya nkhondo, ndimatsatira amenewo enawo ndimawasiya. Maudindo adziweninso pang'ono kuti mudziwe amene akulamula mnzake, pansi pali pulaiveti, kenako kopolo, sajeni, ndiye maofesala kuyambira lefutenanti, kaputeni, meja, kenolo mpaka jenerali. Mukaona sajeni wachikulire akukangana ndi lefutenanti wachinyamata dziwani kuti udindo ndi wa mnyamatayo koma nkhondo akuidziwa ndi mdalayo, mafilimu ambiri mkangano wake wagona pamenepo.

Pakafika poti akuluakulu aima mozungulira mapu akufotokoza pulani, osapita kukatunga madzi. Imitsani ngati nkotheka, bwerezani. Pulani imeneyo iwonongeka ndithu, ndipo kukoma kwake ndi kuona kuti yawonongekera pati. Black Hawk Down ya 2001 ndi chitsanzo chabwino, asilikali a America analowa mu Mogadishu, likulu la Somalia, pa 3 October 1993 kukagwira akuluakulu a gulu lankhondo la mtsogoleri wina dzina lake Aidid, ntchito yoti itenga ola limodzi kapena kuchepera, mahelikopita awiri anagwetsedwa nkhondo nkuchezera usiku wonse mpaka mmawa. Ngati simunamvetse kuti magalimoto amayenera kudikira pati ndipo mahelikopita agwera mbali iti, mungoona fumbi ndi kukuwa kwa maola awiri. Dunkirk ya 2017 nayo imasokoneza anthu chifukwa muli nkhani zitatu zoyenda pa liwiro losiyana, ya pagombe ndi sabata imodzi, ya pa boti ndi tsiku limodzi, ya mundege ndi ola limodzi, ndipo amalemba zimenezi koyambirira koma ambiri timakhala tikusenda mtedza.

Mawu aja amalemba kuti nkhaniyi ndi yochokera pa zomwe zinachitikadi muziwatenga ndi nzeru. Mu Mogadishu muja asilikali a America anafa 18 ndipo filimu imakuonetsa nkhope zao, akazi awo, makalata awo, pomwe a ku Somalia anafa mazana koma amangooneka ngati chigulu chothamanga ndi mfuti. Sindikuti musaonere, ndi filimu yojambulidwa mwaluso kwambiri, koma muzikumbukira kuti kamera ili mbali ya ndani. Zimandikhudza ine chifukwa azigogo athu a King's African Rifles anakamenya nawo nkhondo yachiwiri mpaka ku Burma, chipilala chao chili pa Zomba apa, ndipo nkhondo yoyamba inafika pa Karonga mu September 1914, koma ukamaonera mafilimu ambiri a nkhondo zimenezi ungaganize kuti kunali azungu okhaokha. Mukafuna ya nkhondo yomwe kamera ili mbali ya mwana wa ku Africa kuno, pezani Beasts of No Nation ya 2015 yomwe anajambulira ku Ghana, muli Idris Elba, koma konzekani kuti mukatha simufuna kuyankhula ndi munthu.

Za akazitape, apa ndiye pofunika kudekha

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo mwambi umenewu ngati anapangira mafilimu amenewa. Foni ikani patali, osati pa sailenti pokha ayi, patali penipeni, chifukwa mawu amodzi omwe wina wanena akuthira tiyi ndi amene adzamasule zonse pakatha ola. Mukuyankha WhatsApp uku mukuonera, mapeto ake ndi aja omafunsa kuti kodi ameneyu si anali mnzake uja, wamuwomberanji.

Dziwani kaye mabungwe. CIA ndi ya America yogwira ntchito kunja kwa dziko, FBI ndi ya mkati. Ku Britain MI6 ndi ya kunja, MI5 ya mkati. KGB inali ya Soviet Union ndipo inatha mu 1991, nde mukamva KGB dziwani kuti nkhaniyo ndi yakale kapena munthuyo ndi mdala wa nthawi imeneyo. Mossad ndi ya Israel, Stasi inali ya East Germany. Mafilimu ambiri a mtundu umenewu amachitika nthawi ya Cold War, pomwe America ndi Soviet Union ankaopsezana ndi mabomba a nyukiliya osamenyana maso ndi maso, ndipo Berlin inali itagawidwa ndi khoma kuyambira 1961 mpaka 1989, nchifukwa chake mzinda umenewu sumasowa.

Palinso timawu tawo tomwe mukatidziwa zinthu zimayera. Akati asset akunena munthu amene akumugwiritsa ntchito kuti azibweretsa zinsinsi, kapirikoni tingotero. Handler ndi amene amamuyendetsa kapirikoniyo, kumupatsa ndalama ndi malangizo. Cover ndi dzina ndi ntchito yabodza yomwe kazitape akubisalamo. Safe house ndi nyumba yobisalako, yomwe mufilimu siikhala yotetezeka ngakhale pang'ono, akangolowamo werengani mphindi. Ndiye pali mole, mthirakuwiri, munthu wa mkati mwenimweni mwa bungwe amene akudyera kwa adani. Zimenezi sizongopeka, Kim Philby anali mkulu ndithu mu MI6 uku akutumikira Moscow kwa zaka zambiri mpaka anathawira komweko mu 1963. Olemba nkhanizi enanso anali momwemo, John le Carré anagwirapo ntchito ku MI5 ndi MI6, Ian Fleming amene anayambitsa James Bond anali mu nthambi ya ukazitape ya asilikali apamadzi a Britain pa nkhondo yachiwiri.

Mafilimu a akazitape alipo a mitundu iwiri ndipo musasokoneze, mungakhumudwe. Pali othamanga, a masuti, magalimoto ndi kulumpha pa madenga, monga Bond, Bourne ndi Mission: Impossible. Ndiye pali ozizira, amadala atakhala m'chipinda chautsi wa fodya akuyang'anana, mfuti imalira mwina kawiri filimu yonse, monga Tinker Tailor Soldier Spy ya 2011. Ngati ndinu oyamba kumene musayambire yoziziraya, mugona. Yambani ndi The Bourne Identity ya 2002, asodzi avuula munthu m'nyanja ali ndi zipolopolo kumsana sakudziwa dzina lake, inu ndi iyeyo mukuphunzira zinthu limodzi nde simusochera. Mukatero pitani ku Bridge of Spies ya 2015 yomwe ili pakatikati, nkhani yeniyeni ya kusinthana akaidi pa mlatho mu 1962, kazitape wa Soviet Rudolf Abel kusinthana ndi Gary Powers woyendetsa ndege ya ukazitape ya America ya U-2 yomwe inagwetsedwa mu 1960. Mukaikonda imeneyo ndiye kuti mwakhwima, pitani kwa amadala a utsi aja.

Poonera, dzina la mzinda likalembedwa pansi pa sikirini liwerengeni mokweza, zimathandiza kuti mutu udziwe kuti tasamuka. Munthu aliyense watsopano mudzifunse kuti amalipidwa ndi ndani. Ndipo muzimukaikira kwambiri amene akuoneka wachifundo mopitirira, bwana uja amamuuza ekita kuti usadandaule mwana wanga ndiuze komwe uli ndikutumizire anthu. Komanso ekita wotchuka akapatsidwa kaudindo kooneka kakang'ono koyambirira, dziwani kuti sanamulipire ndalama zonsezo kuti angopereka moni.

Za ndondomeko, Bond wakale kuyambira Dr. No ya 1962 mutha kuonera mulimonse, koma asanu a Daniel Craig ndi nkhani imodzi yolumikizana, Casino Royale 2006, Quantum of Solace 2008, Skyfall 2012, Spectre 2015, No Time to Die 2021, musadumphe. Bourne ndi 2002, 2004, 2007, atatu amenewo akukwanirani. Mission: Impossible mutha kuyambira pa Ghost Protocol ya 2011 ija Tom Cruise anakwera kunja kwa Burj Khalifa ku Dubai, simutaya zambiri.

Kudziwa ndewu yabwino ndi yachinyengo

Iyi ndi njira yosavuta, ndewu ikayamba werengani chamumtima kuti chithunzi chimodzi chikukhala masekondi angati kamera isanadumphe. Ngati simukufika ngakhale pa 2, kamera ikugwedezeka, mukungoona chigongono apa nsapato apo, ndiye kuti akubisa kuti anthuwo samatha kumenya. Mu Taken 3 muli malo ena otchuka omwe munthu akungolumpha mpanda wawaya koma anadula zithunzi zoposa 10 pa timasekondi tochepa, anthu amaseka nazo mpaka lero. Yerekezani ndi The Raid ya 2011 ya ku Indonesia komwe Iko Uwais ndi anzake ndi akatswiri enieni a pencak silat, kamenyedwe ka kwaoko, kamera imabwerera mmbuyo kuti uone thupi lonse kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kapena ndewu ya mukhonde ya mu Oldboy, munthu mmodzi ndi hamala, pafupifupi mphindi 3 osadula, mpaka onse atopa akupumira mmwamba ngati ndewu yeniyeni ya pa bawa.

Onaninso ngati zipolopolo zimatha. Ku vidiyo sho tinkakonda mfuti yosatha ija koma pano ndimafuna ndione munthu akusintha magazini, akusowa chochita nkutola cholembera kapena buku kumenyera, ngati mmene amachitira Bourne. Ekita azivulala, azitsimphina, bala la mphindi 20 lizionekabe pa mphindi 80. Tonse timadziwa kuti ekita safa, koma filimu yabwino imakuiwalitsa zimenezo kwa kanthawi.

Zamakina pang'ono

Mukaona fayilo yalembedwa CAM isiyeni, imeneyo wina anajambula ndi kamera mu holo, mudzaona mitu ya anthu ndi kumva wina akutsokomola, ndipo mafilimu a akazitape ambiri ndi amdima nde simuona kanthu. Pa foni 480p ikukwana, pa laputopu kapena TV yapakatikati 720p ili bho, 1080p ndi ya amene ali ndi sikirini yaikulu ndi Wi-Fi ya ku ofesi. Ngati muli pa Netflix lowani mu ma setting muchepetse, chifukwa HD imatha kudya mpaka 3GB pa ola limodzi, ndipo ndi bwino kudawunilodiratu usiku pa bandulo yotchipa kusiyana ndi kuonera pa intaneti netiweki ikudukaduka pakati pa ndewu. Laputopu itchajeni ikhute musanayambe.

Ma sabutaito ayatseni ngakhale chizungu mumachimva, asilikali amakuwa mabomba akuphulika, akazitape amanong'ona, palibe amene amayankhula bwinobwino. Ngati fayilo ilibe, pezani fayilo ya ma sabutaito yothera ndi .srt muipatse dzina lofanana ndendende ndi la filimuyo muziike mu foda imodzi, VLC imaitola yokha. Mawu olembedwa akamatsogola kapena kutsalira, pa kompyuta dinani G kapena H mpaka zigwirizane, ngati ndi mawu omveka amene akusemphana ndi milomo dinani J kapena K. Pa TV fufuzani pa sound pomwe alemba night mode kapena clear voice, zimakweza mawu a anthu nkutsitsa mabomba, aneba asaganize kuti kwabuka nkhondo.

Nanga zomasuliridwa m'Chichewa zija? Ine ndimazikonda, osanama, anyamata aja ali ndi luso ndipo pena nthabwala zao zimaposa filimu yeniyeniyo, munthu ali ku New York iwo akuti wafika pa Chinsapo. Pa filimu yobwezera kapena ya karate ndi zabwino kwambiri makamaka mukuonera pagulu ndi anthu omwe chizungu chimawavuta. Koma ya akazitape ayi, chifukwa womasulira akangophonya chiganizo chimodzi kapena kuikapo nthabwala pamalo pomwe panali chinsinsi, nkhani yonse yasokonekera, ndipo ena amatha kukuuziranitu kuti ameneyu musamukhulupirire ndi mthirakuwiri filimu isanafike nkomwe pamenepo. Ya nkhondo yolira ngati Saving Private Ryan nayonso siifuna nthabwala, mphindi 20 zoyambirira zija za pa gombe la Omaha pa 6 June 1944 zimafunika zikupeze uli chete.

Ngati pakhomo pali ana yang'anani chilembo. PG-13 ndiye kuti mfuti zilipo koma magazi ndi ochepa, R kapena 16 ndi 18 ndiye kuti muli zoopsa, kutukwana kapena zogonana. Pa IMDb pali malo olembedwa Parents Guide omwe amatchula chilichonse chomwe chili mkatimo, kuwerenga kwake ndi miniti imodzi, kusiyana ndi kuyamba kulimbana ndi rimoti mukutuluka thukuta bambo anu ali pompo akuyang'ana kudenga.

Mukamaonera pagulu gwirizananitu malamulo musanadine play. Ofuna kukataya madzi apitiretu, mtedza ndi chimanga chokazinga zikhale pafupi, mafunso onse adikire pomwe mwaimitsa. Ndipo amene anaionera kale akhale kumbuyo kwenikweni pafupi ndi chitseko, akangoti onani apa onani apa, kapena ameneyutu afa, mutulutseni akadikire panja mpaka ithe.